Amayi a m'malaibulale sakungolondera mabuku



Pali mawu amene afala masiku ano. Mumawamva m'minibasi, m'maofesi, ngakhale pa mawailesi pomwe anthu akamaimba foni kupereka maganizo awo. Akuti nthawi ya malaibulale inatha. Akuti chilichonse chimene munthu angafune kudziwa chili m'foni, ndiye amayi aja timawaona atakhala kuseri kwa tebulo m'laibulale alibe chochita, amangolondera mabuku opanda owawerenga n'kumadikira malipiro pakutha pa mwezi. Ena amawonjezera nthabwala yakale ija yakuti ukafuna kumubisira chinthu Mmalawi, uchiike m'buku. Lero ndabwera kudzakana mawu amenewa. Ndi abodza, ndiponso amanyoza anthu amene akhala akuligwirira ntchito dziko lino kwa zaka zambiri popanda wowaombera m'manja.

Tiyeni tipite ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Ambiri a inu mukudziwa dzina la William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala. M'nthawi ya njala yoopsa ija ya 2001 mpaka 2002, makolo ake analephera kumulipirira fizi, ndipo mnyamatayo anachoka pa sekondale ya Kachokolo atangoyamba kumene. Anali ndi zaka 14. Mwana wotere timadziwa kumene amathera: kumunda, pa msika, kapena pa bawo. Koma pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kalaibulale kakang'ono, mashelefu ochepa chabe a mabuku ochokera ku America. Amene ankakayang'anira anali mphunzitsi, Mayi Edith Sikelo.

Taganizirani bwino zimene mayiwa anachita. Pakhomo pawo panafika mwana wopanda yunifolomu, wopanda risiti ya fizi, wosalembedwa m'kaundula wa sukulu iliyonse. Akanatha kumubweza, ndipo palibe akanawaimba mlandu. Sanatero. Anamulola kulowa, anamubwereka mabuku. Chizungu cha William chinali chochepa, moti poyamba ankadalira zithunzi za m'mabukumo, ndipo mawu akamuvuta ankapita kwa Mayi Sikelo kuti amuthandize kuwapeza m'dikishonale. Pa mashelefu amenewo m'pamene anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto pake. Zotsatira zake mukuzidziwa: anapanga makina otero ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga, fani ya thalakitala yotayidwa, mapaipi a pulasitiki, kenako babu kuyaka m'nyumba ya kumudzi kumene mawaya a magetsi anali asanafike. Mu 2007 mnyamatayo analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 nkhani yake inatuluka m'buku, mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College, ndipo mu 2019 dziko lonse linaonera filimu ya moyo wake.

Dzina la William timalitchula monyadira, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndi angati mwa ife amene angatchule dzina la mayi amene anamutsegulira chitseko? Ndipo inu amene mukuti foni yalowa m'malo mwa buku, imvani ichi: anthu a m'dera limenelo ankapita kunyumba kwa William kukatchajitsa mafoni awo. Magetsi amene ankadzaza mafoni aja anachokera m'buku, ndipo bukulo linadutsa m'manja mwa mayi woyang'anira laibulale.

Wina anena kuti Kamkwamba ndi mmodzi yekha, sitingamange nkhani pa munthu mmodzi. Chabwino. Tiyeni tsono tione ntchito ya tsiku ndi tsiku, yopanda filimu.

Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967, ndipo lili ndi likulu lake ku Lilongwe ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena. Kalowenimo nthawi imene mayeso a MSCE ayandikira. Mukapeza mipando yadzaza. Mukapeza ana a sukulu zoyendera amene kwawo kulibe tebulo, kulibe nyali yokwanira, kulibe bata. Mukapeza ophunzira maphunziro a madzulo, ofuna kubwereza mayeso, achinyamata ofufuza ntchito m'nyuzipepala chifukwa alibe ndalama yogulira yawo, ndi madala opuma pa ntchito amene amabwera kudzawerenga nkhani za tsikulo. Anthu amenewa ndi Amalawi, ndipo akuwerenga. Nthabwala ija yobisa zinthu m'buku imasekedwa ndi anthu amene sanapondemo m'laibulale chichokereni kusukulu.

Buku lililonse limene anthuwa akulitenga pa shelefu silinadzifikire lokha. Mabokosi akafika, kaya ogulidwa kaya ochokera kwa abwenzi monga bungwe la Book Aid International, pamafunika munthu woti awatsegule, asankhe oyenera owerenga athu, alembe buku lililonse m'kaundula, alipatse nambala yake molingana ndi nkhani imene lili nayo, n'kuliika pamalo pamene wolifuna adzalipeze. Buku loikidwa pa shelefu yolakwika ndi lotayika ngakhale lili m'nyumba momwemo. Likang'ambika pamafunika wolimata ndi kulisoka, chifukwa lina lolowa m'malo mwake silibwera msanga. Likachedwa kubwerera pamafunika wolilondola. Pamafunika wolimbana ndi fumbi, chiswe ndi denga lodontha. Zonsezi zimachitika zitseko zisanatsegulidwe kapena zitatsekedwa kale, n'chifukwa chake wodutsa saziona.

Koma mtima wa ntchitoyi suli pa mashelefu. Uli pa funso. Anthu ambiri olowa m'laibulale sadziwa dzina la buku limene akulifuna. Mtsikana amangoti, "Mayi, ndikufuna chinachake cha matenda a shuga, agogo anga akudwala." Mlimi amati nkhuku zake zikufa. Mnyamata amayima chapatali, manyazi atamugwira, chifukwa chimene akufuna kudziwa n'chokhudza thupi lake ndipo kwawo sangafunse. Mayi wa m'laibulale amayenera kumva chimene chanenedwa ndi chimene chabisidwa, ayese msinkhu wa wofunsayo pa kuwerenga, amupatse buku limene angalimve, ndipo asunge pakamwa. Amene akuti iyi si ntchito ayesere kuigwira tsiku limodzi. Ndi luso lophunziridwa, ndipo kuno kwathu Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa maphunziro amenewa mpaka digiri.

Ndiye pali ana ang'onoang'ono. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu adzaza kwambiri moti mphunzitsi sangathe kukhala pansi ndi mwana mmodzi n'kumamuwerengera nthano. M'nyumba zambiri mulibe buku lina kupatula Baibulo, Korani kapena buku la nyimbo. Kwa ana ochuluka, munthu woyamba kuwapatsa buku lazithunzi kuti aligwire ndi manja awo, alitembenuze okha masamba, ndi mayi wa pa ngodya ya ana m'laibulale. Mwana amene wakonda buku pa msinkhu umenewo mwamupatsa chinthu chimene palibe adzamulande.

Tsono za foni. Foni sindikuida ayi, inenso ndimaigwiritsa ntchito, ndipo malaibulale ena ali ndi makompyuta ndi intaneti momwemo. Koma tisanamizane. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi. Bandulo imafuna ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ikatha kuwerenga kwatheranso pomwepo. M'mabanja ambiri foni yabwino ndi imodzi, ili m'thumba mwa bambo, ndipo mtsikana wa Fomu 3 saigwira. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi ndiwo ali kumbuyo kwambiri. Dziko lotere linganene bwanji kuti lakula kupitirira laibulale? Chinanso, foni imakupatsa zonse mosakaniza, choona ndi chabodza, uphungu wa dokotala ndi wa wogulitsa mankhwala achinyengo, monga mpunga wosapeta. Tinaziona pa nthawi ya Covid-19 mmene mauthenga abodza ankathamangira pa WhatsApp. Kuphunzitsa munthu kufunsa kuti nkhaniyi yachokera kuti, waiyamba ndani, inalembedwa liti, ndiyo ntchito imene ogwira m'malaibulale anaiphunzira. Kubwera kwa foni kwaichulukitsa ntchitoyi, sikunaithetse.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti kunyoza kumeneku kunachokera kuti, ndipo mbiri ili ndi yankho. Melvil Dewey wa ku America, amene mu 1876 anakonza ndondomeko ya manambala imene malaibulale ambiri akuigwiritsabe ntchito, anatsegula sukulu yophunzitsa ntchitoyi ku Columbia mu 1887. Mwa ophunzira 20 oyamba, 17 anali akazi. Zikumveka bwino, koma mkuluyu sankabisa kuti akazi ophunzira bwino akhoza kulembedwa ntchito pa malipiro otsika kuposa amuna. Khalidwe lake pa akazi linalinso loipa, moti mu 2019 bungwe la American Library Association linachotsa dzina lake pa mendulo yake ya ulemu. Kuchokera m'nthawi ya Dewey ntchitoyi inadziwika ngati ya amayi, ndipo tikudziwa tonse chimene chimachitika ntchito ikatchedwa ya amayi: imaoneka yopepuka, malipiro amatsika, ndipo mipando ya pamwamba imapitabe kwa abambo. Anamwino ndi aphunzitsi a ana a mkaka akumva bwino chimene ndikunena. Sindikuiwala abambo ambiri okhulupirika amene akugwira ntchito m'malaibulale athu, koma chitonzo chakuti amangokhala chimagwera amayi, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula za iwo.

Amene akuganizabe kuti ntchitoyi ndi ya anthu ofooka amve za Alia Muhammad Baqer, yemwe anali mkulu wa laibulale yaikulu ya mzinda wa Basra ku Iraq. Mu 2003 nkhondo ikuyandikira, anapempha akuluakulu a mzindawo kuti amulole kusamutsa mabuku, koma anamukaniza. Iye anayamba kuwanyamula mobisa pa galimoto yake madzulo aliwonse kupita nawo kunyumba. Asilikali a Britain atalowa mumzindamo ndipo alonda atathawa, anapempha mwini lesitilanti yoyandikana nayo ndi anthu ena apafupi, n'kumapatsirana mabuku pamwamba pa mpanda. Patangopita masiku owerengeka laibulaleyo inapsa. Mabuku pafupifupi 30,000 anali atapulumuka. Mayiyu anamwalira mu 2021, koma mabuku amene anawapulumutsa anabwerera kwa anthu a ku Basra.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku Lusaka, laibulale yoyamba ya Lubuto inatsegulidwa mu 2007 makamaka chifukwa cha ana a m'misewu ndi ana amasiye, ndipo anayambitsa ntchitoyi ndi mayi wodziwa za malaibulale, Jane Kinney Meyers. Ndipo bungwe la IFLA, limene limasonkhanitsa mabungwe a malaibulale a dziko lonse lapansi, mtsogoleri wake woyamba wochokera mu Africa anali mayi, Kay Raseroka wa ku Botswana, kuyambira 2003 mpaka 2005.

Ifenso tinalawa kuwawa kwa kutaya mabuku. Mu Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Tsiku limenelo sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe akunena kuti palibe kanthu, zonse zili m'foni. Dziko lonse linadandaula, ndipo mabuku othandizira atayamba kufika, panafunika manja a ogwira ntchito m'laibulale kuti buku lililonse lilembedwenso ndi kuikidwa pamalo pake. Tisadikire moto kuti utikumbutse kufunika kwa nyumba zimenezi ndi anthu ake.

Kodi m'malaibulale athu zonse zili bwino? Ayi. Mabuku ambiri ndi akale, ochuluka ndi a Chizungu olembedwera ana a maiko ena, ndipo a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena ndi ochepa momvetsa chisoni. Madera ambiri alibe laibulale n'komwe. Mwina nanunso munakumanapo ndi wogwira ntchito wa nkhope yamasautso amene anakuyankhani mokalipa, ndipo khalidwe lotere silikhululukika pamalo amene ayenera kulandira aliyense. Koma shelefu ikakhala yopanda mabuku atsopano, mlandu si wa mayi amene akuipukuta. Iye sakonza bajeti. Kuloza chala wogwira ntchito chifukwa cha kusowa kwa zipangizo ndi kuwasiya osalakwa amene anayenera kupereka zipangizozo.

Choncho pempho langa likupita kwa aphungu athu a Nyumba ya Malamulo: pokambirana bajeti, funsani kuti malaibulale apatsidwa zingati zogulira mabuku, makamaka a zilankhulo zathu, ndipo musavomereze yankho losamveka. Makhonsolo, pamene mukumanga misika ndi madepoti, patulani chipinda cha mabuku ndipo mulembe ntchito munthu wophunzitsidwa. Olemba ntchito m'malaibulale, amayi amene atumikira zaka zambiri pa tebulo lobwereketsa mabuku atumizeni ku maphunziro ndipo muwakweze pa udindo, asapume ali pa mpando womwe anayambirapo. Ndipo inu makolo, laibulale ikakhala pafupi, sabata ino tengani mwana wanu mukamulembetse. Mukafika, apatseni moni mayi mukawapezewo, muwafunse dzina lawo, ndipo muwathokoze.