Loya si wa tsiku la samani lokha

A bizinesi ambiri m'tauni muno amakumbukira kuti kunja kuno kuli maloya pokhapokha samani yafika pakhomo, kapena a sherifi aimika lole kutsogolo kwa sitolo. Pamenepo ndiye amathamanga thukuta kamukamu, mapepala ali m'jumbo, kukagogoda kwa loya yemwe sanawaonepo n'kale lomwe. Loyayo angatani pamene mgwirizano udasainidwa zaka zitatu zapitazo popanda kuuwerenga?

Mantha a maloyawa tikudziwa kumene adachokera. Nthawi ya chipani chimodzi lamulo la Forfeiture Act la 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda kukadandaula ku khoti, ndipo m'makhoti a mafumu loya sankaloledwa kuyimira munthu. Ngakhale a Orton Chirwa, loya wodziwika chotere, adagamulidwa chilango cha imfa mu 1983 limodzi ndi mayi Vera Chirwa popanda wowayimira. Wamalonda wanzeru masiku amenewo ankateteza sitolo yake ndi khadi la chipani komanso mphatso kwa a tcheyamani. Zimenezo zidatha anthu atavotera matipate mu 1993, koma chizolowezi chofuna munthu wamkulu woti atiyankhulire m'malo mofuna lamulo chidakalipo.

Makampani akuluakulu, mabanki ndi a fodya, ali ndi maloya awoawo olembedwa ntchito. Mwini galaja ya antchito 12 sangakwanitse zimenezo, ndipo sitikumuuza kuti atero. Chomwe tikunena n'chakuti apangane ndi loya wa kunja, wa ofesi yakeyake, kuti azimulipira ndalama yodziwika pa mwezi kapena pa chaka, ndipo loyayo aziona pepala lililonse lisanasainidwe. Inu amene mudakhala ku Britain kapena ku Joni mudaziona izi, ngakhale ena mwa inu mutabwera kumudzi mudayamba kuchita malonda pongogwirana chanza chifukwa mnzanuyo ndi mwana wa amalume.

Taonani nkhani ya antchito. Lamulo la Employment Act la 2000 likuti bwana asachotse munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo apatsidwe mwayi wodziyankhira asanachotsedwe. Bwana wagwira kalaliki akuba, wapsa mtima, wamuthamangitsa tsiku lomwelo. Kuba kudachitikadi. Koma nkhaniyo ikafika ku Industrial Relations Court, ndi bwanayo amene ayenera kuonetsa chifukwa chake, ndipo akafunsidwa kalata yoitanira kalalikiyo kudzamva mbali yake, alibe. Mapeto ake wobedwa uja atha kulamulidwa kupereka chipukuta misozi kwa womubera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo apa kufunsako kukadangotenga lamya ya mphindi zisanu.

Chimodzimodzi ndi kulembetsa bizinesi. Ambiri amaganiza kuti akalembetsa dzina la sitolo kwa Registrar General ndiye kuti ali ndi kampani. Ayi ndithu. Dzina lokha silisiyanitsa chuma cha sitolo ndi chuma cha pakhomo, choncho ngongole ikakula a sherifi amanyamula ndi mipando ya pabalaza yomwe. Kampani yolembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013 ndiyo imayima payokha, komabe a banki akakusainitsani kuti inu mwini mukuikira kumbuyo ngongoleyo, nyumba yanu yabwereranso pamoto. Mawu amenewo amabisala pa tsamba lomaliza, m'Chingerezi chovuta ngakhale kwa a digiri.

Nanga Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene adali atalonjeza kupereka katundu wochokera kunja pa mtengo wakale adalira bwanji? Ndime imodzi yolola kukambirananso mtengo ndalama ikagwa ikadapulumutsa mpamba wawo.

Tikudziwa chomwe owerenga anene: maloya ndi okwera mtengo, ndipo ena adya ndalama za anthu omwe amawayimira. N'zoona, ndipo maloya asakwiye tikanena. N'chifukwa chake panganolo lilembedwe, lionetse kuti ndalama ya pa mweziyo ikuphimba ntchito ziti, ndipo mlandu wa ku khoti ulipiridwa bwanji padera. Funsaninso ku Malawi Law Society ngati munthuyo ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chino, pakuti pa makhonde a makhoti pamayenda a dobadoba ovala tayi kuposa maloya enieni. Ku Legal Aid Bureau musadalireko, bungwelo ndi la anthu osowa, ndipo lili kale ndi milandu yothyola khosi.

Maloya nawonso atsike. Ambiri adaunjikana ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kudikira milandu ikuluikulu, pamene wa chigayo ku Balaka kapena wa basi ku Karonga alibe womufotokozera mgwirizano wa lendi m'chiyankhulo chake. Ngati eni sitolo khumi a msewu umodzi angasonkhe kulipira mlonda mmodzi wa usiku, angathenso kusonkha kulipira loya wobwera kamodzi pa mwezi, bola adziwiretu kuti awiri mwa iwo akadzayambana, loyayo sadzayimira aliyense wa iwo.