Ku Kanyama, tayala likhale la mano

Mitengo ya minibasi itanditopetsa, ndinagula njinga ya salaula, matayala ake opepuka, osalala ngati mbale. Pa tara ya Los Angeles Road inali kuuluka. Koma mvula ya Januwale itagwa, ndinaterereka m'matope a Kanyama, notibuku yanga m'madzi, imwe a m'basi mukuseka pawindo.

Manje ndikuti gulani tayala la mano akuluakulu, lokhuthala m'mbali. Inde ndi lolemera, muzafika m'tauni thukuta lili kamukamu. Koma miyala na mabotolo osweka a m'komboni sizilibowola msanga. Onani amalasha olowa m'bandakuca, masaka mpaka pamwamba: palibe wa tayala lopyapyala. Lolimba kwambiri ikani kumbuyo, ndiko kumalemera, ndipo pa matope cotsankoni mpweya pang'ono kuti ligwire pansi.