Thawulo lonyowa pagalasi la nyumba yoyenda

Mwezi wa Meyi ukafika ku Florida, m'dziko la America, pamalo omwetsera mafuta a m'mbali mwa msewu wa Interstate 75 pamakhala mzere wachiwiri umene sukhudzana ndi mafuta. Anthu amadikirira ndowa ya madzi ndi kamtengo kopukutira galasi. Madzi amene m'mawa anali mbee, pofika masana amakhala atasanduka phala lotuwa, timapiko ndi timiyendo tikuyandama pamwamba. Amene amakhalitsa pamzerepo, mpaka ena kuyamba kung'ung'udza, ndi eni galimoto zija zimene mkati mwake muli bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Eni ake amazitcha motorhome.

Kuchedwa kwawo si mwano. Zazikulu mwa galimotozi, za gulu la Class A, zimatalika mpaka mamita 13 ndi kupitirira pang'ono, ndipo denga lake limayandikira mamita anayi. Kumaso kwake kuli ngati kwa basi: khoma lagalasi loima njo, lotambalala kuposa chitseko cha nyumba chogonekedwa. Kachilombo kalikonse kamene kali m'njira ya khoma limenelo kamathera pomwepo. Mwini galimoto yaing'ono amapukuta galasi lake lonse ataima malo amodzi. Mwini motorhome akatambasula dzanja amangofika cha m'munsi, kwinako kumafuna mtengo wautali kapena makwerero.

Ambiri mwa anthuwa ndi opuma pantchito. Amathawa chisanu cha ku Canada, Michigan kapena New York, n'kukakhala kummwera miyezi ingapo, ndiye kukayamba kufunda amabwerera kwawo. Amene achedwa kunyamuka mpaka kumapeto kwa Epulo amakumana ndi mwini msewu weniweni wa nyengo imeneyo.

Dzina lake ndi lovebug, kunena kuti kachilombo ka chikondi. Akatswiri amakatcha Plecia nearctica. Ndi kantchentche kakuda, kofiira pamsana pafupi ndi mutu, kosaluma, kosafalitsa matenda. Dzinalo linabwera chifukwa kakakazi ndi kakamuna timauluka titalumikizana kumatako, kena kuyang'ana uku kena uko, kwa masiku angapo, pafupifupi moyo wawo wonse wauchikulire. Dzina lokoma ndithu, koma chikomekome cha mkuyu. Kakakazi kamakhala katanyamula mazira oposa 100, nthawi zina mpaka 350, ndipo mizere yoyera imene imatsalira pagalasi ndi mazira amenewo. Kugunda kumodzi, mitembo iwiri ndi mbumba yonse.

Kachilomboka kanalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1940 ndi D. E. Hardy, amene anakaona ku Galveston, ku Texas. Kanachokera cha ku Central America, n'kumayenda m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of Mexico mpaka kanaoneka m'boma la Escambia, kumalire a Florida, mu 1949. Pofika zaka za m'ma 1970 kanali katadzaza chigawo chonse. Koma mbiri yoona ngati imeneyi siikoma pocheza. Imene imayenda kwambiri m'misasa ya apaulendo ndi yakuti asayansi a pa University of Florida anakapanga okha pofuna kuthana ndi udzudzu, kenaka kanawapulumuka. Yunivesiteyo yakhala ikukana bodzali kwa zaka zambiri, koma bodzalo silifa. Munthu amene wathera ola lathunthu akupala galasi amafuna wina womuloza chala, ndipo ntchentche yokha siikwanira.

Tizilomboti timauluka kawiri pachaka, kumapeto kwa Epulo mpaka Meyi, ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka Seputembala, milungu inayi kapena isanu ulendo uliwonse. Mphutsi zake zimadya udzu ndi masamba owola, ndipo m'mbali mwa misewu ikuluikulu, mmene amatchetcha udzu n'kuusiya pomwepo, muli chakudya cha mwanaalirenji. Kuwonjezera apo, utsi wa galimoto ukawombedwa ndi dzuwa umatulutsa fungo limene timalisokoneza ndi la zomera zowola, malo oikirapo mazira. Msewuwo ndiye umatiitana.

Tsopano pantchito yeniyeniyo. Cholakwa choyamba, chimene pafupifupi mlendo aliyense amachita, ndi kuyatsa mawaipa. Galasi likayamba kuchita timadontho, dzanja limathamangira lokha pakabatani. Timadzi topopera tija n'tochepa, galasi n'lotentha, ndiye mphira wa waipa umangotenga mazira ndi mafuta a tizilombo n'kuzipaka ngati mayi akuzira nyumba. Timadontho timene munthu amatha kuonera pakati pake timasanduka chifunga chokhotakhota, ndipo dzuwa likapendeka n'kuwomba kumaso, msewu umazimiririka. Pagalimoto yolemera matani khumi kapena kuposa, imene siima msanga, nkhaniyi imachoka pa ukhondo n'kufika pa moyo.

Odziwa njira sagwiritsa ntchito mphamvu. Amagwiritsa ntchito madzi ndi kudikira.

Taonani mmene amachitira mkulu wina wozolowera, pamalo oimikapo galimoto madzulo. Amayamba waimika mutu wa galimoto pamthunzi, chifukwa madzi othiridwa pagalasi lotentha amauma asanagwire ntchito, n'kusiya zipsera za sopo. Amatulutsa mathawulo awiri akale, kuwaviika m'ndowa, n'kuwayala pagalasi osawafinya. Poti galasilo n'loimirira, thawulo limatsetsereka, ndiye amalipanikiza ndi mikono ya mawaipa. Akatero amachoka. Amakalumikiza magetsi, kutulutsa mipando, kuika ketulo pamoto. Pakatha mphindi khumi amabwerera, kusenda thawulolo, ndipo zimene zinali zouma gwa ngati nsima yogonera pamphika zimakhala zitafewa, zongofuna burashi yofewa ya pamtengo wautali ndi kutsukuluza. Ndi nzeru ya kukhitchini: poto wopserera sapala, amamuviika. Ena amangodikira m'mamawa, mame atawagwirira kale ntchito yofewetsa.

Kufulumira kumafunika pamalo ena. Galasi lenilenilo ndi lolimba, limapirira. Chimene chimavulala ndi penti wa kutsogolo. Madzi a m'thupi mwa tizilomboti akakhala padzuwa, mabakiteriya n'kuyamba kuwoletsa zotsalirazo, asidi amachuluka n'kumadya penti pang'onopang'ono. Zikagona tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale utatsuka bwanji, pamatsala timabala tooneka ngati nthomba. N'chifukwa chake lamulo la apaulendo akalekale n'lakuti ndowa ituluke tsiku lomwelo, munthu asanakhale pansi. Vuto n'lakuti misasa yambiri yolipiritsa siilola kutsuka galimoto ndi paipi, pofuna kusunga madzi ndi kupewa matope. Ambiri amangochita ndi ndowa imodzi ndi botolo lopopera.

Pa zipangizo pali mikangano yosatha, ndipo aliyense amalumbirira chake. Chotchuka kwambiri n'chodabwitsa: timapepala tonunkhira tija timene Amereka amaponya m'makina oumitsira zovala kuti zifewe. Kapepala kamodzi kakanyowetsedwa kamachotsa tizilombo mwamsanga, ndipo pagalasi palibe amene amadandaula. Papenti ndiye pali chenjezo, chifukwa ulusi wake umatha kusiya timikwingwirima tooneka dzuwa likawomba, komanso umachotsa polishi. Sopo wotsukira mbale nayenso amachotsa polishi yemweyo amene amateteza penti. Lezala imagwira bwino pagalasi lonyowa ikagonekedwa, koma ikafika papenti kapena papulasitiki ya nyali imasiya chizindikiro cha muyaya. Mankhwala opukutira mawindo a m'nyumba okhala ndi amoniya amaumitsa mphira wozungulira galasi. M'masitolo muli mabotolo ambirimbiri olembedwa kuti ndi ochotsera tizilombo, ndipo ena amathandizadi, koma m'malangizo a timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa botolo mumapezeka mawu omwe aja: poperani pamthunzi, dikirani pang'ono. Munthu akhoza kudabwa kuti ndalama yake yagula mankhwala kapena yagula kudikira.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Galasi la motorhome yaikulu likakandika kapena kung'aluka, kulisintha kumadya madola masauzande, ndipo si tauni iliyonse imene lingapezeke.

Kupewa ndiye kumene kumasiyanitsa wozolowera ndi mlendo. Asananyamuke amapaka polishi wokwanira kumaso kwa galimoto, pagalasi n'kupaka mankhwala oterereza madzi monga Rain-X, kuti tizilombo tisakakamire. Ena amamata pulasitiki yoonekera mkati. Kutsogolo kwa rediyeta amaikako sefa, chifukwa mitembo ikadzaza timipata todutsa mphepo injini imatentha, ndipo galimoto yokhala ndi bedi ndi bafa imagona m'mbali mwa msewu ngati minibasi yotha. Koma chida chachikulu ndi wotchi. Tizilombo ta chikondi timauluka masana, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa kukatentha mpaka dzuwa kupendeka. Usiku timapuma pazomera. Wonyamuka mbandakucha amakhala atadya makilomita ambiri galasi lili loyera. Wochepetsa liwiro nayenso amapindula, chifukwa tambiri timakankhidwa ndi mphepo m'malo mophulika.

Kumpoto nkhani imatembenuka. M'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi ndi mitsinje ina ikuluikulu, mdani ndi mayfly, kachilombo kotuluka m'madzi nthawi yotentha, kamene kamakonda usiku ndi kuwala kwa magetsi. Timatuluka tambirimbiri mwakuti makina oonera mitambo a zanyengo ku La Crosse, ku Wisconsin, amationa ngati mvula. Mu Juni 2015 mlatho wa pamtsinje wa Susquehanna, pakati pa Columbia ndi Wrightsville ku Pennsylvania, unatsekedwa chifukwa mitembo yake inaterereza msewu mpaka njinga zamoto kugwa. Kumeneko wonyamuka usiku ndiye wolakwa. Kwathu kuno, dalaivala wa basi ya usiku pamsewu wa M1, mvula yoyamba itagwa ngumbi zili pikitipikiti kutsogolo kwa nyali, sangafune womufotokozera. Kusiyana kwake n'kwakuti ngumbi zimakazingika.

Pali anthu amene anayang'ana zonyansazi n'kuonamo phunziro. Mark Hostetler, wa pa University of Florida yomweyo, ankapita kumadepoti a mabasi a Greyhound kukatola zotsalira pamagalasi, ndipo analemba buku lothandiza woyendetsa kuzindikira kachilombo poona banga lake. Bukulo, That Gunk on Your Car, linamupatsa mphoto ya Ig Nobel mu 1997, mphoto ya kafukufuku woseketsa koma woganizitsa. Magazi a tizilombo si ofiira ngati athu, ndiye banga lofiira kawirikawiri ndi la udzudzu waukazi umene unali utangoyamwa wina. Lachikasu lotambalala limakhala la gulugufe kapena njenjete. Logunda usiku n'kuwala kanthawi kochepa ndi la chiphaniphani. Ngakhale bungwe la NASA linalowapo: mu 2015 linayesa mankhwala opaka pamapiko a ndege ya Boeing 757 ku Shreveport, ku Louisiana, chifukwa mitembo ya tizilombo imasokoneza kayendedwe ka mphepo ndi kuwonjezera mafuta. Mankhwala amene anapambana anachepetsa mabangawo ndi pafupifupi 40 peresenti yokha. Mwini thawulo asadzione wotsalira.

Komabe pali chinthu chimene oyendetsa achikulire a ku Ulaya ndi America akhala akunena kwa zaka zingapo tsopano, ndipo sachinena mokondwa kwenikweni: magalasi sakudanso ngati kale. Poyamba zinkamveka ngati nkhani za okalamba zoti kale zonse zinali zochuluka. Kenaka manambala anabwera. Mu 2017 gulu la akatswiri a tizilombo la ku Krefeld, ku Germany, pamodzi ndi asayansi ena, linafalitsa zotsatira za misampha imene linatchera m'malo otetezedwa 63 kwa zaka 27. Kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa kunatsika ndi 75 peresenti ndi kuposa. Ku Denmark, Anders Pape Møller anawerenga mabanga pagalasi la galimoto m'misewu imodzimodzi kuyambira 1997 mpaka 2017, n'kupeza kuti atsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Mankhwala ophera tizilombo m'minda, kutha kwa madambo ndi tchire, kusintha kwa nyengo ndi magetsi a usiku ndizo zimatchulidwa kwambiri. Ku Florida nakonso, katswiri Norman Leppla, amene wathera zaka zambiri akuyankha madandaulo a anthu pa tizilombo ta chikondi, wakhala akufunsidwa funso lachilendo m'zaka zaposachedwa: kodi tapita kuti? Ndipo mphutsi zake, zimene zimasandutsa udzu wowola kukhala chonde, zinalibe mlandu ndi munthu.

Ku Britain, mabungwe a Kent Wildlife Trust ndi Buglife anasandutsa ntchito yotopetsayi kukhala kalembera. Pulogalamu yawo ya Bugs Matter imapempha oyendetsa galimoto wamba kuti apukute nambala ya kutsogolo asananyamuke, ndipo akafika awerenge mabanga amene alipo, ajambule, atumize pafoni. Poyerekeza ndi kalembera wofanana amene bungwe loteteza mbalame la RSPB linachita mu 2004, mabanga a mu 2021 anali atachepa ndi pafupifupi 60 peresenti. Malangizo ake amatsindika mfundo imodzi imene ambiri amaiiwala: ngakhale nambalayo ikafika yoyera, yopanda banga n'limodzi lomwe, ulendowo autumizebe, alembe ziro.