KODI TINABISA DZINA LA MULUNGU?

Mwezi uno tatenga funso limene lalowa kale m'nyumba zambiri. Amai ena a mu mphakati wina anatidandaulira kuti mwana wao, mnyamata amene anatumikira pa guwa zaka zisanu, analeka kubwera ku Misa. Alendo oyenda khomo ndi khomo anamtsegulira Baibulo, namuonetsa dzina lakuti Yehova, namfunsa cifukwa cake dzinalo salimva m'chalichi mwao. Mnyamatayo anafunsa amake, ndipo amake anasowa coyankha. Kuyambira tsikulo iye akhulupirira kuti Eklezia anambisira dzina la Mulungu.

Funsoli ndi loyenera, ndipo mwana wolifunsa sayenera kukalipiridwa. Yankho lake liri m'mbiri ya Malembo.

M'buku la Eksodo, mutu 3, Mulungu anaulula dzina lake kwa Mose pa citsamba coyaka moto. M'Cihebri dzinalo lilembedwa ndi zilembo zinai, YHWH, ndipo lipezeka pafupifupi ka 6,800 m'Cipangano Cakale. Ahebri akale polemba sanali kuikapo zilembo zonga a, e, i, o, u. Wowerenga anali kudziwa yekha kachulidwe ka liu. Akatswiri ambiri agwirizana kuti dzinali linali kumveka ngati Yahwe, ndi kuti licokera ku liu lotanthauza kukhalapo.

Zaka mazana angapo Ambuye Yesu asanabadwe, Ayuda anayamba kupewa kulichula dzinali cifukwa ca ulemu. Mkulu wa ansembe ndiye anali kulichula m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu pa Tsiku la Citetezo, ndipo nyumbayo itapasulidwa ndi Aroma m'caka ca 70, mwambowo unatha. Wowerenga m'sunagoge akafika pa zilembo zinai zija anali kunena Adonai, ndiko kuti Ambuye.

Ife a kuno izi siziyenera kutidabwitsa. Ndani mwa ife aitana atate ake ndi dzina lao la paubwana? Mkazi wolemekeza mwamuna wake amati aPhiri kapena aBanda, mwamuna nayenso amati anaTembo kapena make wa uje, ndipo mkamwini sachula dzina la apongozi ake ngakhale alidziwa bwino lomwe. Palibe amene anganene kuti mkamwiniyo wabisa dzina la apongozi.

Nanga Yehova anacokera kuti? Pakati pa zaka za m'ma 600 ndi 900, alembi aciyuda ochedwa Amasorete anaika timadontho ndi timizere pansi ndi pamwamba pa zilembo kuti kachulidwe ka Cihebri kasaiwalike. Pa dzina loyera lija anaikapo timadontho ta liu lakuti Adonai, monga cikumbutso kwa wowerenga kuti apa anene Ambuye. Patapita zaka, ophunzira acikristu a ku Ulaya anawerenga zilembo za dzina limodzi pamodzi ndi timadontho ta dzina lina, ndipo panatuluka Iehovah. William Tyndale analilowetsa m'Cingerezi m'caka ca 1530. Sitinena izi monyoza. Dzinali lapemphereredwa ndi anthu oopa Mulungu kwa zaka mazana, ndipo Mulungu amamva mwana wake ngakhale lilime litapotoka. Koma Mose sananene Yehova, ngakhale Davide, ngakhale Petro.

Ayuda a ku Alexandria atayamba kutembenuza Malembo m'Cigriki, zaka zoposa 200 Kristu asanabadwe, anakumana ndi vuto lomweli. M'makope ena akale kwambiri alembi anasiya zilembo zinaizo m'Cihebri osazitembenuza, koma m'makope amene akristu anawerenga ndi kusunga muli liu lakuti Kyrios, Ambuye. Cipangano Catsopano cinalembedwa m'Cigriki, ndipo m'makope ake zikwi zingapo amene alipo mpaka lero, pamene mlembi abwereza mau a aneneri okhala ndi dzina loyera, timapezapo Kyrios kapena liu lakuti Mulungu. Jerome Woyera, amene anatsiriza Baibulo la Cilatini ca m'ma 405, analemba Dominus, tanthauzo lake lomwelo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Atumwi anatenga liu lomwelo la Kyrios, limene linali kuimira dzina la Mulungu wa Israele, nalipereka kwa Yesu wouka kwa akufa. Mneneri Yoweli analonjeza cipulumutso kwa oitana pa dzina la YHWH. Paulo Woyera, m'mutu 10 wa kalata yake kwa Aroma, abwereza lonjezolo ponena za Yesu. Tsono pamene tinena Ambuye pa Misa, tibvomereza m'liu limodzi kuti Iye amene analankhula ndi Mose ndi Iye amene anapacikidwa pa mtanda ali Mulungu mmodzi. Mukacotsa Ambuye m'Cipangano Catsopano ndi kuikamo dzina lina pena ndi pena, mwadula cingwe cimeneci.

M'cinenero cathu otembenuza anayenda njira zitatu. Buku Lopatulika, limene linatuluka m'caka ca 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Malawi, linalemba Yehova. Baibulo lathu la Akatolika, Malembo Oyera, la m'caka ca 1966, linalemba Yahve. Onani kuti Eklezia amene akuti anabisa dzina analisindikiza poyera m'buku lake. Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anagwirira pamodzi ndipo linatuluka m'caka ca 1998, linasankha Chauta, dzina limene makolo athu Acewa anali kuitana popempha mvula. Ena anadandaula kuti dzina la ku kacisi wa makolo lalowa m'Baibulo. Ife dandaulolo sitiliona kulemera kwake, pakuti liu lakuti Mulungu nalonso amishoni analipeza kuno, monga atumwi anapeza Theos pakamwa pa Agriki opembedza milungu yambiri. Cimene tingabvomereze ndi cakuti Chauta sakumbutsa za citsamba coyaka moto, ndipo mphunzitsi wa katekisimu ayenera kufotokoza zimenezo.

Pa 29 June 2008, molamulidwa ndi Papa Benedict XVI, Kardinala Francis Arinze wa ku Nigeria analembera maepiskopi onse kuti dzina la zilembo zinai lisachulidwe pa Misa, m'nyimbo ndi m'mapemphero, koma tizinena Ambuye monga anacitira akristu oyamba. Ndico cifukwa cake m'maiko ena nyimbo zina zinasinthidwa mau.

Ngakhale tero dzinali silinacoke pakamwa pathu. Ponena Aleluya tinena kuti tamandani Ya, cidule ca dzina lomwelo. Liri kumapeto kwa Eliya, Yesaya ndi Zakariya, liri kumayambiriro kwa Yohane, kutanthauza kuti YHWH wacita cisomo. Ndipo dzina la Yesu, m'Cihebri Yeshua kapena Yehoshua, litanthauza kuti YHWH apulumutsa. Ndi dzina limodzi ndi la Yoswa, wolowa m'malo mwa Mose. Agriki analibe liu la sh, anati Iesous, Aroma anati Iesus, ife tinati Yesu.

Amai aja tinawapempha kuti asakangane ndi mwana wao. Abwereke Malembo Oyera kwa a katekisiti kapena kwa Bambo Mfumu, akhale naye pansi madzulo, atsegule Eksodo 3 ndi Aroma 10, ndipo mnyamatayo awerenge yekha mokweza. Akafuna kuti alendo ake aja akhalepo, awayalire mphasa.