Inu a ku Bunda, zimene mumapeza tiuzeniko nafe

Anzanga aphunzitsi, komanso inu amene munadutsa m'manja mwathu, lero tikangane pang'ono. Pali mawu amene amamvekamveka m'masukulu mwathu, akuti ku Bunda ophunzira enieni ndi a mbewu, a nthaka ndi a ziweto, koma a zachuma cha ulimi ndi anthu a manambala basi, ngakhale mpini wa khasu sakuudziwa. Ine ndikukana. Dipatimenti imeneyi ntchito ili nayo, yaikulu zedi. Chondipweteka n'chakuti zimene imapeza sizifika kwa eni ake.

Koleji ya Bunda inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 kufupi ndi Mitundu, kunja kwa Lilongwe, ngati nthambi ya Yunivesite ya Malawi. Kwa zaka zambiri maphunziro a zachuma cha ulimi anali pansi pa Department of Rural Development, kenako anaima paokha ndi dzina loti Agricultural and Applied Economics. Mu 2012 Bunda inachoka pansi pa Yunivesite ya Malawi n'kukhala LUANAR.

Nanga anthu amenewa ndi ofunikiranji? Taonani mbiri ya mlimi wa kumudzi. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, inkagula zokolola zake pa mtengo wokhazikitsa boma, wotsika, phindu n'kumapita kotukula maesiteti. Fodya wa bale, amene ankabweretsa ndalama, mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima mpaka cha mu 1990. Mu 1987 msika unatsegulidwa, mavenda analowa ndi masikelo awo. Zonsezi zinakhudza thumba la mlimi kuposa mbewu yatsopano iliyonse, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene katswiri wa nthaka angatimasulire. Mayi wa ku Mchinji amene amagulitsa chimanga motchipa mu Meyi n'kukachigulanso modula mu Januwale kupalira amakudziwa bwino. Chimene chikumupha ndi mtengo, kuchepa kwa munda ndi ngongole. Amene anaphunzira kufufuza zimenezo ndi omwe tikuwanyozawo.

Nachi chitsanzo. Mu 1995 Department of Rural Development ya ku Bunda, mogwirizana ndi bungwe la IFPRI, inayendera mabanja 404 m'midzi 45 kufufuza za ngongole. Nthawi imeneyo SACA, imene inkakongoza makalabu a alimi, inali itagwa pambuyo pa chilala cha 1992, ndipo MRFC inali itangoyamba kumene mu 1994. Aliyense ankati mlimi akusowa ngongole basi. Lipoti la Aliou Diagne ndi Manfred Zeller, limene linatuluka mu 2001, linasonyeza zina. Mabanja okongola sanapindule ndi minda yawo kuposa osakongola. Chifukwa chake? Minda ndi yaing'ono, feteleza ndi wodula, mtengo wa chimanga ndi wotsika. Munthu wa ekala imodzi ukamukongoza feteleza wa chimanga cha haibulidi, mvula n'kudula, wamusiyira ngongole yokha.

Tsono ndifunse: ndani wa inu anamvapo za kafukufuku ameneyu? Zaka zoposa makumi awiri zadutsa. Tinaona MARDEF mu 2005, tinaona NEEF mu 2020, ndipo chisankho chilichonse andale amabwera ndi nyimbo yomweyo ya ngongole. Tinaona Starter Pack mu 1998, makuponi a sabuside mu 2005, AIP mu 2020. Sindikunena kuti zonsezi zinali zachabe, chimanga chinachulukadi zaka zina. Koma anthu akuvotera zinthu zimene zinayesedwa kale, zotsatira zake zinalembedwa, iwo osazidziwa. Wandale sachita mantha ndi lipoti limene ovota sanaliwerenge.

Apa mpamene ndikuloza chala ku Bunda komweko. Bambo uja anakhala pamphasa maola awiri kuyankha mafunso: mwakolola matumba angati, mbuzi muli nazo zingati, munadya chiyani dzulo. Anayankha m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Mayankho ake anakasandutsidwa Chingerezi chovuta, anakawerengedwa pa msonkhano ku hotela ya kunyanja, anakasindikizidwa m'magazini a akatswiri kunja kwa dziko. Wina anatenga digiri, wina anakwezedwa pa ntchito. Mwini nkhani sanabwezeredwe ngakhale tsamba limodzi. Kwathu kuno ukabwereka nkhwangwa umaibweza, nanga bwanji nzeru za munthu?

Ndikudziwa chimene ayankhe. Ati mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa ndi zimene wasindikiza m'Chingerezi, ndipo opereka ndalama za kafukufuku amafuna lipoti lawo. N'zoona. Koma malipiro a mwezi ndi mwezi amachokera ku misonkho yathu, kuphatikizapo ya mayi wa ku Mchinji uja akamagula sopo. Palibe akuti musiye kulemba Chingerezi. Tikupempha masamba awiri okha m'chilankhulo chathu pa kafukufuku aliyense, ndi mphindi khumi pa wailesi. Unduna wa zamalimidwe unkatha kutulutsa Za Achikumbi alimi n'kumawerenga. Madokotala a zachuma angalephere?

Ifenso aphunzitsi tisaime patali. Silabasi ya Agriculture ya MSCE ili ndi kusunga marekodi a pamunda, gross margin ndi za misika. Timaphunzitsa ndi manambala ongopeka, ana n'kuloweza, mayeso akatha n'kuiwala. A ku Bunda atatipatsa mitengo yeniyeni ndi zokolola zenizeni za m'maboma mwathu, mwana wa Fomu 4 akanatha kuwerengera munda wa makolo ake. Ngakhale asanatipatse, tingayambe tokha. Auzeni ana akafunse kunyumba ndalama zimene zinalowa m'munda chaka chino ndi zimene zinatuluka, ganyu ndi thiransipoti osaiwala. Mudzadabwa kuchuluka kwa mabanja amene akulima mongobweza.

Ndipo inu ana athu amene muli ku Bunda kapena munamaliza, buku lanu la kafukufuku lija mukalitenge, mukakhale pakhonde ndi amayi anu, mukawafotokozere zimene munapeza. Akakufunsani kuti ndiye chaka chino tilime chiyani, tigulitse liti, muwayankhe. Mukalephera, bwerani tikambirane kuti fizi ija inagula chiyani.