Katundu wa ku Joni amatha, Embangweni imatsala

Achinyamata anzathu a ku Embangweni, Jenda, Edingeni ndi Mzimba boma.

Disembala ikamayandikira, abale athu a ku Joni amatsika pa Jenda ndi katundu wodzaza: ma TV, masipika, mafoni, nsapato zodula. Ife otsala, digiri ili m'chikwama, timangoti kukamwa yasa, mumtima tikuwerengera ndalama ya pasipoti. Ena mpaka amakatenga katapila kuti foni ifanane ndi ya mnzawo.

Tisanamizane, njira imeneyi ndi yakale. Agogo athu anapita ndi Wenela, kenako TEBA, nabwera ndi njinga, wailesi ndi majekete. Zili kuti lero? Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 anathera pomwepo. Ena anasanduka matchona. Mu 2008 ndi 2015 abale athu anathamangitsidwa ku South Africa, ndipo mpaka pano ena amatsekeredwa ku Lindela. Pa Facebook izi simuziona, mumangoona galimoto basi.

Sitikunyoza opita ayi. Marandi awo alipira fizi, agula feteleza, afolera nyumba ndi malata. Kuno ntchito kulibe, ndiye munthu atani? Koma tadzifunsani: foni yatsopano imakoma masabata angati? Ikangotuluka ina, mtima wayambanso kuwawa. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpikisano wogulawu unangotisiyira ngongole.

Tsono yang'anani pa mishoni, yomwe Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902. Tchalitchi, chipatala, masukulu, zonse zikutumikirabe anthu. Chokhalitsa ndi chimene mudzi wonse umadyerera.

Andale amadziwa kuti wachinyamata wokhutira ndi malaya a chipani ndi kandalama ka m'manja safunsa za msewu, mankhwala kapena ntchito. Ife tikuti ayi.

Chaka chino tigwirizane zitatu:
1. Katapila wogulira zodzionetsera, toto.
2. Marandi akabwera, ena apite ku mbuzi, mbewu ya soya, pampu ya sola kapena banki m'khonde.
3. Tizipezeka pa misonkhano ya VDC ndi ADC, tifunse mmene ndalama za CDF zayendera.

Tikufuna moyo woti mwana wa kuno adzapite ku Joni mwa kufuna kwake, njala isanamuthamangitse.

Tumizani uthengawu kumagulu onse, ndi kwa abale athu ali ku Joni komwe.