Galimoto yogona m'galaja ili ngati wodwala wapabedi

Ana anga,

Sabata ino tisiye kaye za ana okana phala, tikambe za galimoto. Musadabwe. Galimoto ikalowa m'banja imasanduka nkhani ya ndalama, ndipo ndalama ndi zimene zimayambanitsa anthu obadwa bere limodzi.

Wandilembera kalata mayi wina wachitsikana wa ku Zomba. Apongozi ake aamuna adamwalira chaka chatha n'kusiya Mazda MX-5 ya 1994, ija ya mipando iwiri, denga lansalu ndi nyali zotukuka ngati maso a chule. Mita yake ikuonetsa makilomita 31,000 okha, ndipo yakhala m'galaja zaka zisanu ndi zitatu osalizidwa. Mwamuna wake akufuna kutenga ngongole kuti alipire abale ake, galimotoyo ikhale yake. Mlamu wake wamkulu akuti adaona pa intaneti kuti zoterezi n'zodula kunja, ndiye watchula mtengo woti munthu n'kugulira puloti. Mayiyu akufunsa kuti mtengo weniweni audziwa bwanji.

Poti ndine namwino wopuma, ndiyambire kuwodi. Munthu akagona pabedi miyezi ingapo osadzuka, sitinena kuti wasunga mphamvu. Minofu imafota, mfundo zimauma, kumsana kumabuka zilonda. N'chifukwa chake timamutembenuza maola awiri alionse, ndipo wochoka ku opaleshoni timamuyendetsa msanga ngakhale akudandaula. Galimoto nayonso imadwala ndi kugona. Oyilo akapanda kuzungulira, timphira totseka mipata ya mu injini timauma n'kung'aluka, tsiku loiliza iyamba kudontha paliponse. Petulo wokhalitsa amasanduka phula n'kutseka njira zake, thanki n'kuchita dzimbiri mkati. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, galimoto iyende kapena isayende. Lamba wa mu injini uja amati timing belt ndi wa mphira, amakalamba ndi zaka ngakhale sanagwire ntchito. Batire ndiye musaiwerengere n'komwe. Nanga makoswe? Amakonda kumanga chisa m'galimoto yogona, mawaya n'kukhala ndiwo zawo.

Matayala musawakhulupirire chifukwa choti mapanda ake akadali akuya. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani m'mbali mwa tayala pamene palembedwa DOT. Manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene lidapangidwa, monga 2312 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2012. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000. Opanga matayala amalangiza kuti lopitirira zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka latsopano.

Kenaka funsani ngati nambala ya pa mitayo ikunena zoona. Mita ya galimoto za zaka zimenezo ndi ya timagudumu tozungulira, ndipo akamberembere amaibweza m'mbuyo mosavuta. Kuchipatala sitimangomva za wodwala kuti ali bwino, timatsegula kabuku kake. Inunso funani mapepala. Ngati idachokera ku Japan, komwe galimoto imeneyi inkatchedwa Eunos Roadster, chikalata choitulutsira kunja chimaonetsa makilomita amene adalembedwa poiyeza kumeneko. Ngati idachokera ku Britain, mbiri ya MOT kuyambira 2005 imapezeka pa intaneti, komanso dziwani kuti mita za kumeneko zimawerenga mamailosi. Mamailosi 31,000 ndi pafupifupi makilomita 50,000. Malisiti a sevisi amene madala ankasunga m'kabati ndi chuma, musawakolezere mbaula. Thupi la galimoto nalonso limaulula: mphira wa popondera mabuleki, chiwongolero, ndi m'mbali mwa mpando wa dalaivala. Zikakhala zoperepeseka, galimotoyo idayenda ndithu, mita inene zimene inganene.

Mlamu uja sakunama kotheratu ayi. Galimoto zamasewera za ku Japan za m'ma 1990 zakweradi mtengo kunja. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi lamulo la ku America lolola kulowetsa galimoto yakunja mosavuta ikakwanitsa zaka 25. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R34, imene idayamba kupangidwa mu 1999, idayamba kuloledwa kumeneko mu 2024, ndipo anthu amailimbirana. Koma MX-5 si yosowa chotero. Idatuluka mu 1989, ndipo za mtundu woyambawu, zimene zidapangidwa mpaka 1997, zidaposa 400,000. Pofika 2016 Mazda idali itapanga MX-5 zokwana 1 miliyoni. Imene osonkhanitsa galimoto amailipirira ndalama zambiri ndi ya penti yake yoyambirira, yosasinthidwa kanthu, yopanda dzimbiri, yoti mapepala ake ndi athunthu ndipo inkalizidwa ndi kusamalidwa ngakhale sinkapita kutali. Dzimbiri la galimoto imeneyi limabisala m'munsi mwa zitseko chakumbuyo ndi mozungulira matayala akumbuyo, chifukwa timipaipi totaya madzi a padenga tikatsekeka madzi amadikha mkati. Gwadani muone ndi tochi.

Komanso mtengo wolembedwa pa intaneti ndi umene wogulitsa akulakalaka. Funani mitengo imene galimoto zofanana nayo zidagulidwadi. Ndipo wogula wa ku London sali ku Zomba. Kuti galimoto imufike pali ndalama zoinyamulira kudoko, za sitima, ndi misonkho ya kwawoko, zonsezo azichotsa pa mtengo wanu. Kuno kwathu ogula ambiri amafuna galimoto yonyamula banja ndi thumba la chimanga, yosakhula pansi pa mabampu, yoti masipeya ake apezeka kwa makaniko aliyense. Okonda kagalimoto ka mipando iwiri alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma ndi owerengeka, ndipo amadziwa kunenerera.

Tsono chitani chonchi. Musailize kaye, chifukwa kuliza injini youma ndi petulo wovunda kungaononge zimene zidali bwino. Itanani makaniko amene alibe chibale ndi aliyense wa inu, ndipo asakhale woti iye mwini akuifuna. Alembe papepala zonse zofunika kusintha ndi mtengo wake, aliyense alandire pepala lake. Onjezanipo za COF, inshuwalansi ndi kusintha dzina pa blue book ku Road Traffic. Kenaka itsatseni kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mumve anthu atatu kapena anayi amene abwera ndi ndalama m'manja. Mtengo umene iwo akutchula, ataona pepala la makaniko lija, ndiwo mtengo wa galimotoyo. Mlamu akaumirira wake wa pa intaneti, muuzeni mwaulemu kuti aigule iyeyo pa mtengo womwewo, inu mulandire gawo lanu. Mudzaona mmene nambala idzatsikire.

Pali china chimene kalatayi sidatchule, ndipo chikundidetsa nkhawa kuposa dzimbiri. Kodi mayi a m'nyumbamo alipo? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Galimoto ya malemu siigulitsidwa ndi amene wasunga makiyi. Pakhale munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti yoyendetsera chumacho, ndipo ngati simudziwa poyambira, pitani kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General. Zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asaine.

Kwa iwe mwana wanga wamwamuna amene ukufuna ngongole, ndikumva. Fungo la bambo ako lili m'mipando imeneyo, ndipo zimenezo sizigulidwa. Koma chikondi chimenecho ndi chako, banki sichiwerengera, imangowerengera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Mkazi wako wandiuza kuti muli ndi ana awiri. Mipando ndi iwiri. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ake akhala pampando winawo, nanga mwanayo umuika pati? Pamiyendo ayi, ndaona zokwanira kuwodi ya ovulala pangozi. Ngati ukuifunabe, ikhale galimoto yachiwiri, yogulidwa ndi ndalama zotsala fizi ndi lendi zitalipiridwa, ndipo mkazi wako aone pepala la makaniko lija usanapite kubanki.